Chinsinsi cha Wodwala ndi Mapepala a Malipiro

Makolo athu a ku Machinga ndi ku Balaka, amene kufikira chaka cha 1998 anali anthu a boma limodzi, ankabisa nthenda ya munthu monga ankabisira za kundagala ndi za kutsimba. Pakuti mzamba amene wathandiza mayi m'chikuta, kapena sing'anga amene waona zamseri za mwamuna, ankalandira nkhuku yake ngakhale lichero la ufa, nabwerera kwawo ali duu, ndipo malipirowo sankatha kuulula kuti mwini wake wadwala chiyani.

Koma zitafika zipatala za mishoni, zimene mu 1966 zinagwirizana m'bungwe limene lero tilitcha CHAM, cholembera chinalowa pakati pa wodwala ndi womchiza. Ku zipatala za boma, monga cha ku Liwonde, anthu wamba salipira. Koma ku mishoni amalipira, ndipo pamene pali ndalama pali kalaliki, pamene pali kalaliki pali lisiti lotchula dzina ndi mankhwala, lisiti limene mlamu wolipira ngongoleyo amaliwerenga, nadziwa zimene sanauzidwe.

Kuopsa kwake kunaoneka poyera itagwa Edzi, imene inapezeka m'dziko muno mu 1985, makamakanso boma litayamba kugawa ma ARV aulere mu 2004. Buku la kuchipatala, limene amayi amalikulunga m'pepala la shuga kuopa mvula nalimanga pa nsonga ya chitenje, linasanduka mboni yowaneneza. Ena anang'amba tsamba, ena anasunga mabuku awiri, lina la adokotala, lina loonetsa apongozi. Ine sindiwadzudzula amayi amenewo, chifukwa ankateteza ulemu umene ife tinalephera kuwatetezera.

Kuchokera mu 2006, pamene boma linayamba mapangano olipirira amayi oyembekezera ndi ana m'zipatala za CHAM, mapepala oitanitsa ndalama akhala akupita ku ofesi ya zaumoyo ya m'boma. Momwemonso mapepala a anthu apantchito amene ali pa inshuwalansi ya zaumoyo ya MASM amadutsa m'manja mwa alembi amene wodwala sadzawaona nkhope. Malamulo alipo ndithu: gawo 21 la malamulo aakulu a 1994 limateteza zinsinsi za munthu, lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula za magazi a mnzako popanda chilolezo chake, ndipo mu 2024 kunabweranso lamulo loteteza mbiri ya munthu yosungidwa m'mabuku ndi m'makompyuta. Komatu madzi akatayika saoleka, ndipo bwalo la milandu silingabwezere mayi banja limene latha.

Chifukwa chake ndikupemphani inu alembi a pazenera lolipirira: tsitsani mawu potchula mankhwala, pindani lisiti musanalipereke, ndipo wachibale wolipira mumuuze mtengo wokha.