Mmene Kolorokwini Anathera Mphamvu ku Petauke ndi ku Nyimba

Kwa zaka zambiri, munthu wa ku Kaumbwe ku Petauke kapena ku Nyimba akayamba kuphwanya m'thupi ndi kunjenjemera, sankathamangira ku chipatala cha Minga. Ankapita pakantemba kukagula mapiritsi a kolorokwini, awiri kapena atatu malinga ndi ndalama zake, ndipo akapezako bwino, otsalawo ankasungira mwana. Mankhwalawo anali otchipa ndiponso amphamvu. Koma mu 2002 boma la Zambia linaganiza zowasiya n'kusankha Coartem, chifukwa odwala ambiri sankachiranso. Chizolowezi chomwa mankhwala mosamaliza chinathandiza kwambiri kuwathetsa mphamvu, ndipo chingathe kuwononganso omwe tili nawo lero.

M'magazi a munthu wodwala malungo mumakhala tizilombo mamiliyoni ambirimbiri, ndipo tikamaswana, tina timabadwa tosiyanako ndi tinzake. Kolorokwini ankalowa m'kachilombo n'kukalepheretsa kuchotsa poizoni wotuluka pamene kakudya magazi. Tizilombo tina tinabadwa ndi njira yotulutsira mankhwalawo kunja asanagwire ntchito. Munthu akamwa mlingo woperewera, tofooka timafa, tolimbato timatsala popanda topikisana nato, kenako udzudzu umatitengera kwa mnansi. Zili ngati kupalira m'munda n'kusiya udzu wovuta wokhawokha: chaka chamawa ndiwo umadzaza munda wonse.

Ena anganene kuti mlanduwu si wathu, popeza tizilombo tosamva kolorokwini tinayamba kuoneka kumalire a Thailand ndi Cambodia cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, n'kufika ku Kenya ndi Tanzania mu 1978. N'zoona kuti tinachokera kutali, koma tinachuluka kuno chifukwa tinapeza magazi a anthu ambiri ali ndi mankhwala ochepa osatha kutipha. Umboni uli kwa anansi athu. Malawi inasiya kolorokwini mu 1993 n'kuyamba Fansidar. Ofufuza a ku Blantyre anapeza kuti tizilombo tolimbato, tomwe tinkapezeka mwa odwala 85 pa 100 alionse mu 1992, tinatsika kufika pa 13 mu 2000. Mankhwala atachoka m'manja mwa anthu, tizilomboto tinagonja kwa tinzake. Choncho zochita za anthu n'zimene zimasankha tizilombo toti tichuluke.

Ena anganenenso kuti wosauka sangadzudzulidwe, pakuti kiliniki ili kutali ndipo nthawi ya dzinja mitsinje imadzaza. Apa akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake udindo waukulu uli pa boma: kuonetsetsa kuti zipangizo zoyezera magazi ndi mankhwala okwanira zifika kumidzi, ndi kuletsa malonda a mapiritsi ogulitsa limodzilimodzi. Komabe kumaliza Coartem, kawiri patsiku kwa masiku atatu, kuli m'manja mwa wodwala ndi womusamalira. Coartem ali ndi mankhwala awiri pamodzi kuti kachilombo kopulumuka kwa amodzi kaphedwe ndi enawo, ndipo kulekeza panjira kumawononga nzeru imeneyi. Tizilombo tochedwa kufa ndi artemisinin, mtundu wa amodzi mwa mankhwala awiriwa, tinaoneka ku Cambodia cha mu 2008, ndipo tsopano tapezeka ku Rwanda ndi Uganda. Mankhwala atsopano amatenga zaka zambiri kuti apangidwe, choncho amene tili nawowa tiwateteze poyezetsa tisanamwe ndi kumaliza mlingo wonse.