Segantini ndi Kuwala kwa Mapiri a Alps

M'chaka cha 1886, Georges Seurat anaonetsa ku Paris chithunzi chojambulidwa ndi timadontho ta utoto wamafuta. Iye sanasakanize mitundu ya utotowo, koma anasiyira maso a munthu woima patali kuti aisakanize okha.

Chaka chomwecho, Giovanni Segantini anasamukira kumapiri a Alps ku Switzerland, ndipo Vittore Grubicy anamulangiza za luso latsopanoli. M'malo mwa timadontho, Segantini ankandandalika timizere topyapyala kuti chipale chofewa ching'anime monga chichitira kumapiriko. Pofunafuna kuwala kwenikweni, ankajambulira panja ngakhale kuzizire chotani.

Mu 1899 anakwera phiri la Schafberg kukatsiriza chithunzi chachikulu, koma anadwala namwalirira komweko ali ndi zaka 41. Chithunzicho chikusungidwa ku St. Moritz.