Kachilombo kovala mabakiteriya m'matope a pansi pa nyanja

Mu 1960, James Lackey anafotokoza kachilombo ka selo limodzi, kachikasu chofiirira, koyenda ndi timichira tiwiri, n'kukatcha Calkinsia aureus. Anakaika m'gulu la ma euglenid, ndipo nkhani inagona pomwepo zaka zambiri. Inadzuka pamene kanapezeka m'matope a Santa Barbara Basin ku California, mamita pafupifupi 600 pansi pa madzi, kumene okisijeni ngwochepa kwambiri koma mpweya wa salufa, wonunkha ngati dzira lovunda, ngwochuluka. Mu 2009 Naoji Yubuki, Joan Bernhard, Brian Leander ndi Virginia Edgcomb atakaunika mkati ndi kuyeza DNA yake, anakapatsa gulu lakelake, Symbiontida. Gululi lili m'banja lalikulu la Euglenozoa, momwe mulinso Trypanosoma, kachilombo ka kaodzera kamene akashembe amafalitsa ku Nkhotakota ndi ku Rumphi.

Thupi lonse la Calkinsia, kupatula kunsonga, lakutidwa ndi mabakiteriya ooneka ngati timitengo, ondandalikana mothinana, ndipo m'pomveka kunena kuti alendowa ndiwo anaumba mwininyumba. Mamitokondiriya ake, tiziwalo topangira mphamvu, alibe mapindo amkati amene amathandiza kugwiritsa ntchito okisijeni, ndipo ayalana pansi penipeni pa khungu, moyang'anizana ndi mabakiteriyawo. Akatswiri amaganiza kuti tiziwaloti timatulutsa haidirojeni imene mabakiteriya amadya. Kafukufuku wa mu 2011 anaonetsanso kuti ambiri mwa mabakiteriyawo ndi abale a Arcobacter, mtundu womwe ena ake amathetsa ululu wa salufa.

Wotsutsa anganene kuti mabakiteriya amamatirira pachilichonse cha m'matope, ndiponso kuti kuyandikana si umboni wa kudyetsana. Mfundo yachiwiriyo njolemera ndithu, chifukwa zithunzi zimangoonetsa pamene chinthu chili, osati chimene chikuchita. Koma yoyambayo siimaima. Postgaardi mariagerensis, ka mu Mariager Fjord ku Denmark kofotokozedwa mu 1995, ndi Bihospites bacati, ka mumchenga wa kufupi ndi Vancouver kofotokozedwa mu 2010, natonso tavala mabakiteriya mwadongosolo lomwelo, mamitokondiriya ali pansi pawo. Zongomatirira mwangozi sizingafole mzere umodzimodzi m'nyanja zotalikirana chonchi. Bihospites kali ndi mapindo apakhungu ofanana ndi a ma euglenid, zomwe zikusonyeza kuti makolo a gululi mwina anali ma euglenid amene khungu lawo linasintha atalowa m'matope opanda mpweya. Lackey sanaphonye patali.