Mmene Diso Linaululira Nthenda ya mu Ubongo

Munthu ali yense wogwira nchito pansi pa mgodi adziwa kuti waya wa magetsi amabvekedwa mphira, ndipo mphirayo ikanyotsoka nyale imayamba kuphethira. Mitsempha ya mu ubongo ndi ya mu msana wa munthu irinso ndi cobvala cace ca mafuta. Pali nthenda ina, yochedwa multiple sclerosis, imene thupi limaukira cobvalaco ndi kuciononga. Wodwala amamva dzanzi, miyendo imalefuka, ndipo mwa ena cizindikiro coyamba ndico diso limodzi lopweteka ndi loona mwa cimbuuzi.

Dotolo amene anayamba kuilongosola bwino ndiye Jean-Martin Charcot wa ku Paris, m'caka ca 1868. Iye anali kupenyetsetsa odwala ali moyo, ndipo atamwalira anapeza zipsera zolimba mu ubongo ndi mu msana mwao. Bvuto linali pomwepo: zipserazo zinali kuoneka mwini wace atafa kale, pakuti cigaza sicitseguka.

Koma khomo laling'ono linalipo. M'caka ca 1851 Hermann von Helmholtz wa ku Germany anaonetsa kacipangizo ka magalasi kounikira m'kati mwa diso la munthu wamoyo. Kumbuyo kwa diso kuli kansalu kolandira kuunika, ndipo kucokera pamenepo timitsempha toposa 1,000,000 tisonkhana mtolo umodzi ndi kulowa ku ubongo. Kansaluko kamaphuka kucokera ku ubongo mwana akali m'mimba, cotero woyang'ana pamenepo ayang'ana cigawo ca ubongo weni weni. Madotolo anaona kuti mwa odwala ena mutu wa mtolowo umatuwa, koma analibe copimira.

Panapita zaka zoposa 100. M'caka ca 1981, pa cipatala ca Hammersmith mu London, Ian Young ndi anzace anajambula ubongo wa odwala 10 ndi makina atsopano a MRI, oyendera mphamvu ya maginito. Makina a X-ray ochedwa CT anali ataonetsa zipsera 19. Atsopanowo anaonetsa zomwezo pamodzi ndi zina 112. Tsopano nthenda inaoneka mwini wace akali kupuma.

Nalonso diso linapeza copimira cace. M'caka ca 1991 gulu la James Fujimoto ku America linalengeza njira yochedwa OCT. Makina amaponya kuunika m'diso nayesa kubwerera kwace, monga munthu apfuula m'phanga namvera mau ace kuti adziwe kuya kwa phangalo. Motero kucindikala kwa mitsempha ya pa kansalu kaja, kumene kuli ngati gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, kunapimika. M'caka ca 1999 Vincenzo Parisi ndi anzace ku Rome anapeza kuti mitsemphayo inacepa mwa odwala amene mtsempha wao wa diso unatupapo.

Cinsinsi cace ndi ici. Timitsempha ta pa kansalu ka diso tiribe cobvala ca mafuta cija. Pakapyapyala pamenepo, ndiye kuti waya weni weni wafa, osati mphira yokha. Ndipo imfa ya wayayo ndiyo imapundula munthu.

Funso lotsala linali lakuti kodi diso ndi ubongo zinena zimodzi? M'caka ca 2007 gulu la Peter Calabresi pa sukulu ya Johns Hopkins ku Baltimore linalinganiza zithunzi za OCT ndi za MRI, nilipeza kuti odwala a kansalu kopyapyala analinso ndi ubongo wofota. M'caka ca 2015 gululo linalengeza za odwala 107 amene linawatsata zaka 4: kumene diso linapyapyala msanga, ubongo unafotanso msanga.

M'caka ca 2024 akatswiri a maiko ambiri anakonzanso malamulo ozindikirira nthendayi, nawerengera mtsempha wa diso pakati pa malo 5 ofunamo umboni. Kupima diso kutenga mphindi zowerengeka, wodwala ali khale pa mpando, ndipo mtengo wace ucepa poyerekeza ndi wa MRI. Sikulowa m'malo mwa MRI ai, pakuti nthenda zina za maso, monga glaucoma, zipyapyalitsanso kansaluko. Koma popeza ciyambire 1993 alipo mankhwala ocepetsa ukali wa nthendayi, kuizindikira msanga kupatsa dotolo nthawi yocinjiriza mitsempha imene ikali yamoyo, pakuti imene yafa sibweranso.