Madzi a M'cilimwe m'Dziko la Ansenga

M'dziko la Ansenga, ku Petauke ndi ku Nyimba, mvula imayamba m'mwezi wa November nileka mu March kapena April. Miyezi yotsalayo dzuwa limaumitsa nthaka, makamaka ku cigwa ca Luangwa. Cifukwa ca ici makolo sanali kukhulupirira munda wa kumtunda wokha ai. Banja lanzeru linali ndi dimba.

Dimba linali kulimidwa m'dambo kapena m'mbali mwa mtsinje, pamene cinyontho sicitha msanga. A kucigwa anali kudikira kuti madzi osefukira aphwe, ndipo anali kubzala cimanga ndi maungu m'matope otsalawo, namagona m'misasa kuingitsa mvuu ndi njobvu. A kumtunda anali kukumba zitsime zosazama m'dambo, natunga madzi ndi zikho ndi mitsuko. Nchitoyi inali yolemetsa, ndipo dimba linali kukula monga mwa mphamvu ya mwini wace.

Kumene mtsinje utsika kucokera m'mapiri pali njira yopepukirapo. Anthu amachinga madzi kumtunda ndi miyala, mitengo ndi zibuma, nakumba ngalande yotsata m'mbali mwa citunda. Ngalandeyo iyenera kutsetsereka pang'ono pokha: ikatsika kwambiri madzi amakokolola nthaka, ikapanda kutsika madzi amaima. Pofika pa munda mlimi amatsekula pakamwa ndi khasu, madzi nayenda m'mizere okha. Koma ngalande si ya munthu mmodzi. Imadzera m'minda ya anthu ambiri, imafuna kupalidwa caka ndi caka, ndipo wakumtunda akatseka madzi, mbeu za wakumunsi zimafota. Motero pamafunika pangano la masiku othirira, ndi nyakwawa yoweruza milandu.

M'masiku a Atsamunda nkhani ya madzi inalowana ndi nkhani ya malo. Dziko lalikulu la kum'mawa kwa Luangwa linali m'manja mwa kampani ya North Charterland, ndipo eni dziko ambiri anapanikizidwa m'malo ocepa amene anawapatulira, kumene minda inaguga ndi madambo anacepa. M'caka ca 1941 Boma linagula malo a kampaniyo, niliyamba kusamutsirako midzi. Apo zinaoneka poyera kuti nthaka yabwino yopanda madzi siisunga mudzi, pakuti poyamba panafunika kukumba zitsime ndi kumanga madamu.

Mseu waukulu wocokera ku Lusaka kunka ku Fort Jameson, imene tsopano ichedwa Chipata, unasandutsa dimba kukhala munda wa ndalama. Matimati, anyezi, kabici ndi nzimbe zinapeza ogula, ndipo nthoci za ku Nyimba zinachuka kwa apaulendo onse.

Cilala ca 1992 citapha cimanga m'madera ambiri a Zambia, anthu anatembenukiranso ku madimba. M'zaka zotsatira kunafika mapampu opalasa ndi miyendo, pambuyo pace a injini ndi a mphamvu ya dzuwa, pamodzi ndi mipope yapulasitiki. Mpope umakweza madzi kumene ngalande singafike, ndipo sutaya madzi m'njira. Koma uli ndi cobvuta cace: munthu mmodzi akhoza kukoka dziwe lonse osapempha mnzace, ng'ombe ndi amai otunga natsala opanda kanthu. Lamulo la madzi la 1948 linalowedwa m'malo ndi la 2011, limene linakhazikitsa bungwe la WARMA kuti lizipereka zilolezo kwa otapa madzi ambiri.

Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Zaka zotere zidzabweranso. Inu okhala m'tauni, amene mumatumiza ndalama kumudzi zogulira pampu, muyambe mwafunsa kuti madziwo acokera kuti, ndi kuti ndani amamwa kumunsi kwace. Cikho cinasanduka ngalande, ngalande inasanduka mpope, koma mtsinje ndi womwewo, ndipo pangano logawana madzi likufunikabe monga kale.