Ulendo wa ku Joni pa Ndege ya Wenela

Kwa Maseya, m'boma la Chikwawa, akuluakulu akamakamba za ndege, nkhani imathera pa Wenela. Ili linali bungwe lolemba anthu ntchito ya m'migodi ya golide ya ku South Africa. Kuyambira m'chaka cha 1952, bungweli linayamba kunyamula anthu ake pa ndege, ndipo amuna ambiri a m'dziko muno anayamba kukwera ndege asanaone n'komwe mzinda waukulu.

Mnyamata wochokera m'chigwa cha Shire ankawoloka mtsinje, n'kukwera chitunda cha ku Blantyre, n'kukalowa m'ndege pa Chileka. Ulendo wam'mwamba unali wa maola ochepa chabe. Koma ndegeyo sinkatera ku Joni. Inkatera ku Francistown, m'dziko la Bechuanaland, limene linasanduka Botswana m'chaka cha 1966. Apa munthu ankadikira m'msasa wa Wenela mpaka sitima ya pamtunda idzamutenge kupita ku Johannesburg.

Mavuto enieni ankayamba pofika. Pamalo a Wenela otchedwa Mzilikazi, alendowo ankavulidwa zovala ali pamzere, mkulu ndi mwana yemwe. Madokotala ankawayeza thupi ndi kuwaunika m'chifuwa, makalaliki n'kuwadinditsa zala. Wopezeka ndi nthenda ankabwezedwa kwawo chimanjamanja. Wopambana ankapatsidwa nambala ndi kutumizidwa kumgodi umene sanasankhe yekha. Kumeneko Chimang'anja ndi Chisena zinalibe ntchito. Ankayenera kuphunzira Chifanakalo kuti amve malamulo a kapitawo. Mwana wa m'chigwa chotentha ankanjenjemera ndi chisanu cha mwezi wa June, kenaka n'kulowetsedwa m'chipinda cha nthunzi kuti azolowere kutentha kwa pansi pa nthaka.

Ngakhale zinali chomwecho, anthu sankaleka kupita, pakuti kumudzi msonkho unkafunika, ndipo njinga, wailesi ndi malata zinkachokera konko. Pofika chaka cha 1973, Amalawi ogwira ntchito m'migodi imeneyi anali opitirira 100,000.

Tsoka linagwa pa 4 April 1974. Ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4, imene inkabweretsa anthu kumudzi, inagwa itangonyamuka ku Francistown. Mwa anthu 84, anafa anali 78, ndipo ochuluka anali Amalawi amene anali atamaliza kontalakiti. Zinadziwika kuti mafuta a ndegeyo anali atasakanizika ndi a mtundu wina. Dr Hastings Kamuzu Banda analetsa Wenela kulembanso anthu, ndipo zikwizikwi zinabwerera kwawo.

Njira inatsegukanso mu 1977, bungweli litasintha dzina kukhala TEBA, lija anthu amati Theba, koma olembedwa anachepa kwambiri. Mu 1988, South Africa inafuna kuti Amalawi aziyezedwa kachilombo ka HIV asanalowe. Boma la Malawi linakana, ndipo m'zaka zotsatira anthu pafupifupi 13,000 anabwezedwa kumudzi.

Motero ulendo wa ku Joni unathera pa nkhani ya kuyezedwa thupi, imene inkasautsa alendo kuyambira pachiyambi. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, nkhalamba zimene zinakwera ndege ya Wenela zinkayendabe kumaofesi a boma kukafunsa za ndalama zimene zinatsalira ku Joni.