ZA NGALAWA ZA PA NYANJA YATHU, NDI ZA MPHEPO YA MWERA



Ife a kuno ku Kandeu ndi a ku mapiri onse a Ntcheu sitiri anthu a pamadzi ai. Nyanja tiidziwa ndi m'kamwa, pakudya usipa ndi utaka wouma umene ufika pa misika yathu. Ndipo munthu wa kwathu akatsika ku cigwa ca Bwanje nafika ku gombe, akwera m'bwato mtima uli m'mwamba. Komatu ana athu amka ku Monkey Bay, ku Salima ndi ku Likoma kukagwira nchito ndi kukacita malonda, cifukwa cace kuyenera kuti tidziwe mbiri ya zombo za pa nyanjapo, ndi cimene cinamiza zina za izo.

Nyanja yathu iri yaitali ndi yopapatiza. Utali wace ufika ngati makilomita 580, ndipo kumpoto iri yakuya mamita 700. Mphepo zace anthu a ku gombe anazicha maina kalekale. Mpoto uomba m'nyengo ya dzinja, vuma acokera kum'mawa, zambwe kumadzulo. Koma mfumu ya zonse ndiye mwera, umene ucokera kummwera kuyambira mwezi wa May kufikira September. Popeza mwera utsata utali wa nyanja, wopanda phiri lakuutsekereza, mafunde ace akula pamene ayenda. Ali aafupi ndi otsatana, ndipo sapatsa ngalawa nthawi yakudzuka lisanafike funde linzace.

Combo coyamba pa nyanjayi ndi bwato, ndipo palibe munthu angachule caka cimene unayamba. Mmisiri ankakwera ku phiri kukasankha mtengo wowongoka, makamaka mbawa kapena conya, naugwetsa, nayamba kuusema pomwepo ndi nkhwangwa ndi nsompho. Nchito yace inali ya masabata ambiri. Pakusema agogoda-gogoda m'mbali ndi kumvera kulira kwa mtengo, kuti adziwe pamene pacindikala ndi pamene patsala pang'ono kubooka. Pansi asiyapo pocindikala, kuti kulemera kukhale kunsi. Kamwa la bwato alisiya lopapatiza, milomo yace yopindikira m'kati, kotero kuti wopalasa akhala pamwamba pa milomoyo, miyendo yokha iri m'kati. Mlendo akaona ici aseka, nayesa kuti mmisiri anacita ulesi osatsiriza kusema. Si ulesi ai. Kamwa lopapatizalo ndilo likaniza mafunde kulowa. Ndipo bwato ukagubuduzika, kawirikawiri sumira, pakuti ndi mtengo. Anthu augwirira, nautembenuza, nakapa madzi, nakweranso. Utatha kusemedwa, mudzi wonse unkasonkhana ndi zingwe za luzi kuukokera ku gombe, akuyimba, ndipo mwini bwato anawafululira mowa.

Asodziwo analibe kampasi. Usana ankayang'ana mapiri ndi zisumbu, usiku nyenyezi ndi moto wa kumudzi. Ndipo pakumva umo funde limenyera bwato ankadziwa kumene alinga. Nzeru yao yoposa zonse inali yakudikira. Mwera ukauka, mabwato anakhala pa mcenga masiku atatu kapena anai, ndipo panalibe womcha mnzace wamantha.

Thanga linadza ndi Aluya ndi anthu a ku Zanzibar. M'zaka za m'ma 1840 Salim bin Abdallah, ndiye Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota. Ndipo kumeneko anayamba kukhoma zombo za matabwa, monga za ku nyanja ya mcere. Combo cotere cinali ndi mlongoti umodzi, ndi thanga limodzi lalikuru la ngondya zitatu, lomangidwa pa mtengo wautali wopendekeka umene anaukweza ndi cingwe. Kumbuyo kunali tsigiro. M'mipata ya matabwa anatsekamo ndi thonje. Caka ca 1863 David Livingstone anapeza amisiri alikukhoma combo cotere kufupi ndi Nkhotakota. Luso lace tilitama, koma katundu wace atimvetsa cisoni, pakuti zombozo zinaolotsa minyanga ndi akapolo kunka tsidya lija la kum'mawa, pa njira ya ku Kilwa. Makanjira nayenso anali nazo zombo zace, ndipo m'mwezi wa December 1891 Captain Maguire anaphedwa pamene anamka kukaziononga.

Livingstone anaona nyanja caka ca 1859, nabweranso caka ca 1861 ndi ngalawa yaing'ono ya nkhafi zinai ndi thanga, imene anthu anaisenza kulambalala mathithi a Shire. Tsiku lina namondwe anawapeza kutali ndi gombe, ndipo anaponya nangula, nakhala maora 6 mafunde alikusweka ponseponse. Pa ulendowo anakokera ngalawa pa mtunda usiku uliwonse. Caka ca 1867 E. D. Young anadza ndi ngalawa yacitsulo yochedwa Search, yolumikiza ndi yomasula, kudzafunsa ngati Livingstone anafadi. Ndipo ndiye yemweyo anatsogolera ulendo wa sitima ya Ilala caka ca 1875, pamodzi ndi Dr. Robert Laws. Ilala anaimasula kunsi kwa mathithi, ndipo amtengatenga ngati 800 anasenza zidutswa zace pamutu ulendo wa makilomita ngati 100, kukwera ndi kutsika m'miyala dzuwa liri pamutu. Pakuwerenga katundu kumtunda kwa mathithi, sipanasowe kanthu. Sitimayo inalowa m'nyanja pa 12 October 1875. Mabuku achula maina a azungu amene anali m'menemo. Inu aphunzitsi muziuzanso ana za osenza aja.

Tsono tifike pa tsoka la caka ca 1895. Chauncy Maples, wa Mishoni ya U.M.C.A., anali munthu wodziwa nyanja, atakhala zaka zambiri pa cisumbu ca Likoma. Caka cimeneco anadzozedwa ku London akhale Bishopu wa Likoma, ndipo pobwerera anakwera ngalawa ya matanga yochedwa Sherriff, imene inali yacitsulo. Usiku wa pa 2 September namondwe anawagwera kufupi ndi gombe la ku Salima, ndipo ngalawa inagubuduzika. Ngalawa ya matanga ikathamanga ndi mphepo kumbuyo ioneka ngati iyenda bwino. Koma funde limodzi likaikankha kumatako niipingasitsa, mphepo idzaza thanga ca m'mbali, funde lotsatira liimenya m'nthiti, ndipo zonse zitha m'kamphindi. Cifukwa cace amalinyero amacepsa thanga mphepo isanakule, ndipo cingwe ca thanga samacimanga mfundo yobvuta kumasula. Citsulo sicicita monga mbawa. Cikadzala madzi cipita pansi, osasiya pogwira. Anyamata a m'ngalawamo anasambira nafika ku mtunda amoyo. Joseph Williams, mnzace wa Bishopu, anamira. Ndipo Bishopu mwini wace anayesa kusambira, koma mkanjo wace wautali unamwa madzi numlemera. Mtembo wace unaikidwa ku Nkhotakota.

Pomkumbukira anakhoma sitima yochedwa dzina lace ku Glasgow caka ca 1899, naitumiza kuno m'zidutswa 3,481. Cinthu colemera koposa, ndico boiler yace ya matani 11, sicinatheke kugawika, ndipo Angoni 450 anacikoka pa gareta kudutsa mtunda. Ife Angoni amene tiopa madzi tiri nalo gawo lathu m'sitimayo! Amisiri olumikiza anaona mabvuto, pakuti manambala a zidutswa anakwiririka ndi mtoto woletsa dzimbiri umene anapaka pamwamba pace, ndipo anacita kuyesa cidutswa ndi cidutswa kufikira caka ca 1901, pamene sitimayo inayandama. Inatumikira zaka zambiri monga sukulu, cipatala ndi kacisi woyenda pamadzi.

Tsoka loposa onse linadza pa 30 July 1946, pakati pa nyengo ya mwera. Sitima ya Vipya inali yatsopano, yoyenda ndi makina, yosasowa thanga. Inali pa ulendo wace wacinai wokha. Inacoka ku Mbamba Bay kuoloka kunka kufupi ndi Chilumba, ndiko kumpoto kumene mafunde afika atakula msinkhu. Ndipo isanafike ku Florence Bay, kumene lero tikucha Chitimba, inagubuduzika nimira, anthu 145 natayika. Ambiri a iwo anali m'zipinda za kunsi, kumene kunalibe poturukira msanga. Anthu anatsutsana nthawi yaitali ngati colakwa cinali kwa woyendetsa kapena kwa amene anaipanga yolemera kumwamba. Ife tiona kuti wosema bwato uja, amene asiya pansi pocindikala nadikira mwera pa mcenga, anayankha mafunso onse awiri kale lomwe. Ilala yaciwiri inakhomedwa ku Scotland, nilumikizidwa ku Monkey Bay, niyamba maulendo ace caka ca 1951.

M'zaka za m'ma 1980 kunayamba mpikisano wa ngalawa za matanga za masewera, wa anthu oyenda pamadzi mwa kukonda kwao, osati kufuna nsomba kapena malonda. Anasankha dala mwezi wa July, nanyamuka ku gombe la Mangochi kunka kumpoto masiku angapo, mwera ulikuwakankha kumbuyo. Ngalawa zao zambiri zinali za mimba ziwiri zolumikizidwa, zopepuka, zakuti zikagubuduzika anthu awiri akhoza kuziutsa. Ndipo yense anabvala cobvala coyandamitsa.

Mitengo yaikuru ya mbawa ndi conya inacepa m'mapiri, ndipo osema anayamba kugwetsa nsangu ndi mango, mitengo imene sikhalitsa m'madzi. Potero kukhoma ngalawa za matabwa kunakula, ndipo ku Mpwepwe, m'boma la Mangochi, kunakhazikitsidwa malo okhomera ngalawa zotere ndi sukulu ya za usodzi. Amisiri ena akhoma pa magombe a kwao, pansi pa mtengo. Ayamba ndi msana wa ngalawa, naimikapo nthiti, nakhomera matabwa kuyambira kunsi. M'mipata atsekamo thonje, namata phula. Ngalawa yatsopano aiika m'madzi osaya masiku angapo kuti matabwa atupe ndi kutsekana, ndipo m'menemo mwini wace aona pamene padontha, asanaikemo injini, makoka kapena anthu.